Mayi Scholastica Mbendera ndi Mapepala a Ana

Amene munabwera ku Misa ya maliro a Mayi Scholastica Mbendera munaona nokha kuti mabenchi akutsogolo anadzaza ndi ana ndi achinyamata, ena ochokera ku Corby, ena ku Loughborough. Mphakati wathu wa Amalawi kuno ku Leicester wapempha kuti moyo wa mayiwa ulembedwe, kuti anawo adzadziwe bwino munthu amene anawaphunzitsa kupemphera.

Mayi Scholastica anabadwira ku Bembeke, m'boma la Dedza, m'banja la alimi a mbatata ya kachewere. Anali mwana wachisamba, ndipo mayi awo atadwala anasiyira sukulu panjira kuti alere abale awo. Sanadandaule pagulu. Lamulungu lililonse Misa ikatha ankasonkhanitsa ana kuseri kwa tchalitchi n'kumawaphunzitsa katekisimu, akulemba pansi ndi kamtengo. Anakwatiwa ndi Bambo Raphael Mbendera, woyendetsa lole, koma Mulungu sanawapatse mwana. Anthu analankhula, monga anthu salephera. Iwo ankangoyankha kuti, "Ana ndili nawo ambiri, kungoti amagona kwa eni ake."

Bambo Raphael atamwalira, mng'ono wa mayiwa yemwe anali namwino kuno anawaitana. Anapeza kachipinda ku Highfields ndi ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kumeneko anasambitsa ndi kudyetsa anthu amene anali ataiwala ngakhale maina a ana awo. Ankawaimbira nyimbo za kwathu, okalambawo n'kumagwedeza mutu ngati akumva.

Ku tchalitchi chinawawawa ndi kuona ana athu akungoyasamula pa Misa, ukawapatsa moni m'Chichewa iwo n'kuyankha m'Chingerezi. Anapempha bambo mfumu kachipinda ka m'holo, nayamba kalasi yokonzekeretsa ana Ukaristia woyamba. Kuno pansi ndi kapeti, kamtengo sikalemba, choncho anagula laputopu yakale naphunzira kutsitsa pa intaneti mapepala ophunzitsira: ena opaka utoto, ena odzaza mawu osowa, ena a mafunso. Pansi pa Chingerezi ankaikapo Chichewa chawo, kenako n'kusindikiza.

Tinene zoona, pakuti iwo bodza ankadana nalo: pa nkhani ya mapepala mayiwa anali ndi dyera. Pepala lililonse lokhala ndi nkhosa kapena nkhunda silinkawadutsa. Onse ankangogwera malo amodzi, ndi maina amene anabwera nawo, manambala ndi zilembo zopanda mutu. Ukatsegula laputopuyo umaona ngati wafika pa Lizulu tsiku la msika. Koma eni ake sankasochera. Ankadziwa pamtima kuti pepala la Msamariya wachifundo lili pafupi ndi risiti ya magetsi, ndipo kwa zaka zambiri mutu wawo sunawagwiritse mwala.

Lamulungu lina la Lenti ankafuna pepala la mwana wolowerera, loti likonzekeretse ana kulapa koyamba. Ana atakhala chete akudikira, iwo anayang'ana pa laputopu, nayang'anabe, mpaka anazindikira kuti aiwala ngakhale chimene akufunafuna. Sabata yomweyo anatsika basi pamalo olakwika, pa msewu umene anauyenda zaka ndi zaka. Munthu amene wasamalira odwala matenda oiwalaiwala sachita kuuzidwa. Dokotala anangotsimikiza zimene iwo ankadziwa kale.

Analira, ndipo analira kwambiri. Imfa sankaiopa. Chimene chinawaopsa n'chakuti kalasi yonse inali m'mutu mwawo, ndipo mutuwo ukadzatha, laputopu ija idzangokhala dzala loti palibe angatolepo kanthu. Ana adzabwerera kukayasamula pa benchi. Atapukuta misozi anapita kwa Fiona, namwino wa mumphakati mwathu, amene mwana wake Pempho anali atangoyamba kumene kalasiyo.

"Amake Pempho, mutu wangawu wayamba kudontha," anatero. "Zisanatayike zonse, bwerani tidzatole."

"Amayi, ine ndi mashifiti angawa?" anayankha Fiona. "Komanso kuphunzitsa sindikudziwa. Ingondipatsani laputopuyo ndikakopere zonse pa fulashi, zisungike."

"Kusunga n'kosavuta, ndasunga zaka zonsezi. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Pepala loti simungalipeze ana akukuyang'anani si lanu ayi."

Fiona anavomera mokakamizika, akuti kwa mwezi umodzi wokha. Loweruka lililonse masana ankakhala awiri pa katebulo ka ku Highfields. Fiona ankatsegula fayilo, mayi n'kunena kuti ndi chiyani ndiponso amaigwiritsa ntchito liti, Fiona n'kuipatsa dzina latsopano. Iye ankafuna kusanja potsata mitu ya nkhani, za Yesu pazokha, za oyera pazokha. Mayi anakana. Anati mafoda atsate chaka cha Mpingo, Adiventi, Khirisimasi, Lenti, Pasaka, ndipo m'foda iliyonse mapepala atsatane Lamulungu ndi Lamulungu, kuti ngakhale munthu wouzidwa m'mawa womwewo atsegule n'kuphunzitsa.

Maina nawo anali awoawo. Lina linali "Lenti 3, mwana wolowerera, kwa ana oopa kulapa." Lina, "Nkhosa yotayika, yopaka utoto, kwa mwana wongofika kumene amene sakulankhula," pakuti mabanja odikira mapepala a boma amasamutsidwa mwadzidzidzi, ndipo ana otere mayiwa anawaona ambiri.

"Amayi, awa si maina, ndi ulaliki," anatero Fiona akuseka.

"Lembani choncho. Ine sindidzakhalapo kuti ndikunong'onezeni."

Mtanda weniweni unali kufufuta. Mapepala ena anali ofanana ndendende, otsitsidwa kangapo, koma Fiona akati achotse limodzi mayi ankamugwira dzanja. "Imeneyo isiyeni, nkhosa yake ndi yonenepa bwino." Anakangana mpaka Lenti ina inafika, ndipo tsiku la Phulusa mayi analengeza okha kuti, "Chaka chino sindisala shuga. Ndisala mafayilo." Anatseka maso, Fiona n'kumafufuta.

Mwezi umodzi uja unali utatha kalekale, ndipo Fiona sanaukumbutsenso. Masiku ena ankafika n'kupeza mayi akuyang'ana pepala limene analilemba okha koma osalizindikira. Sankadzinamiza. Analamula kuti patsegulidwe foda yotchedwa "Sindikukumbuka," ndipo tsiku limene mutu wayera ankabwererako n'kupulumutsa awiri kapena atatu. Ena anatsala momwemo mpaka lero. Foda ya Ukaristia woyamba, imene inali yofunika koposa, anaimaliza movutikira, Fiona akubwereza funso limodzi kangapo, mayi akugwira korona mwamphamvu ngati ikuwathandiza kukumbuka.

Lamulungu lotsatira anapereka laputopu kwa Fiona pamaso pa ana, nakakhala kumbuyo. Fiona anayamba kuphunzitsa. Phunziro lili mkati kunalowa mayi wina wachilendo ndi kamtsikana kogwira siketi ya amake, kosayankha moni. Fiona anatsegula foda, nawerenga maina, napeza nkhosa ija nthawi yomweyo. Posakhalitsa kamtsikanako kanali pansi ndi anzake kakupaka utoto. Mayi Scholastica, amene moyo wawo wonse sankatha kuona cholakwika osakonza, anakhala chete mpaka pemphero lomaliza. Pobwerera kunyumba ankaimba mu basi.

Matenda atakula analowa m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo ena mwa amene ankawasambitsa anali anzawo akale a pantchito. Pempho ndi anzake atalandira Ukaristia woyamba, Fiona anapita ndi laputopu kukawaonetsa zithunzi. Mayi sanamuzindikire, ankangomutcha "Sisita." Zithunzi anaziona mwaulemu ngati za alendo. Koma Fiona atatseka zithunzizo, maso awo anagwera pa mafoda. Anayamba kuwerenga maina pang'onopang'ono, chala chikutsata.

"Sisita, anasanja zimenezi ndani?"

Fiona anayankha kuti, "Mayi ena a mumphakati mwathu."

"Amenewo amakonda ana. Mukawaona muwauze asatope."

"Ndiwauza, amayi. Koma ntchitoyi anamaliza. Ana akuphunzira."

Mayi anagwedeza mutu, nkhope itawala. "Basi, akapume."

Patapita masabata ochepa, atadzozedwa mafuta a odwala, anagona masana amayi a mphakati akunena korona pambali pa bedi lawo, ndipo sanadzukenso. Kalasi ikukumanabe Lamulungu lililonse Misa ikatha. Aphunzitsi tsopano alipo atatu, amasinthana malinga ndi mashifiti, ndipo palibe amene anachita kufunsa mnzake kuti ayambire pati. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.