Ndowa ya pa Mpumulo

Aliyense pa Ntchisi Boma amawadziwa a Vinsenti, bambo wa ndowa uja. Akazi awo, a Kristina, ndi ochepa amawadziwa. Iwo moyo wawo wonse ndi wa kumunda, kusoka fodya ndi kufukula mtedza kumudzi kuseri kwa phiri. Komatu mbiri ya msewu wotsikira kumsika amaidziwa kuposa okhala pa Boma, chifukwa ankainunkhiza pa malaya a amuna awo.

A Vinsenti anayamba ntchito pa Mpumulo, resitihausi yoyamba mumsewuwo, denga likadali la udzu, ogonamo ali ogula fodya ndi mtedza. Ankafika kunyumba akununkha utsi. Kutsidya kwa msewu atamanga Tikondane, ya malata ndi bala, anasamukira komweko, n'kumabwera akununkha mowa wa eni ake. Kenaka kunatsegulidwa Nyenyezi, kofikira amayi a mabungwe odzachititsa maphunziro, ndipo malaya aja anayamba kununkhira mafuta odzola omwe a Kristina sanawagulepo chibadwire. Lero Tikondane ndi sitolo ya feteleza, Nyenyezi inasanduka loji ya madzi otentha a pampope, ndipo a Vinsenti anabwerera ku Mpumulo, komwe mgolo ukadali pamafuwa.

Ntchito yawo sinasinthepo: kutenthetsa madzi, kunyamula ndowa, kugogoda pazitseko za alendo. Apa ndiye panali chilonda cha a Kristina. Zachibwenzi sankawaganizira ayi, munthu wa kwaya ya ku parishi ujayo analibe nazo ntchito. Nsanje yawo inali pa ndowa. Mwamuna woti kunyumba amangokhala pampando kudikira mkazi anene kuti madzi ali kubafa, kuntchito n'kumathamangira akazi a eni, mpaka kuviika chala kuti amve ngati afunda bwino! Iwo anabereka ana, anagona ndi malungo kangati, koma amuna awo sanawaikirepo madzi ngakhale kamodzi. Kupempha sakanatha, mkazi wolangidwa sapempha zoterezi. Kukagona ku resitihausi nakonso ayi, poti mkazi wapabanja akangooneka akulowamo, nkhani imafika kumudzi iye asanatuluke.

Mwayi unabwera ndi mvula. Chaka chatha a Kristina anapita kuchipatala kukazonda mlamu wawo. Pofuna kubwerera anamva kuti mtsinje wadzaza, ndipo akabaza onse anakana ulendo. Panalibe woti n'kuwanena tsopano. A Vinsenti anawapezera chipinda pa Mpumulo, iwo n'kukagona kokhala antchito. Mayi aja anadzifunditsa bulangete la alendo. Mawa, ankatero mumtima, agogoda pa chitseko changa.

Koma thupi lozolowera silimva kamodzi. Kunja kutangoyamba kuyera, anangozindikira atadzuka kale, chitenje chili m'chiuno. Anasuzumira kuseri n'kuona mgolo uli wozizira, amuna awo asanasambe. Mkazi angapitirize bwanji tulo mwamuna wake akuyamba ntchito ndi manthongo, antchito anzake akuona? Angamunene kuti analeredwa kuti? Anakoleza moto, natunga madzi, nakawaikira kubafa monga mwa masiku onse.

Atasamba, a Vinsenti anatulutsa ndowa yatsopano ya buluu, naidzaza, natenga ndi sopo wosayamba.

"Iyitu ndinasungira inu, mayi a Mphatso," anatero akuseka. "Ndimati ndikudzidzimutseni. Koma poti mwadzuka kale, ndipo mgolo mwauona, mutunga nokha. Mlendo wa chipinda chakumapeto akufulumira ku msonkhano."

A Kristina anatsala pamoto, chikuni chili m'manja. Anawaona amuna awo akudutsa pakhonde ndi ndowa ija, akupitirira chitseko chawo chomwe anachisiya chotsegula, n'kukagogoda pang'onopang'ono pa chinzake. Ndipo anamva mawu ofewa omwe sanamvekepo m'nyumba mwawo:

"Odi, mayi. Madzi anu ndi awa. Musamale, angakuwotcheni."